Bokosi la Innocent Linagunda Chitseko Changa

Maliro ine ndanyamula ambiri. Kwathu kuno ku Madzimoyo mwamuna sadikira kuuzidwa. Bokosi likangotuluka m'nyumba ya siwa timandanda mizere iwiri, munthu amalowetsa phewa kutsogolo, amasendera m'mbuyo pang'onopang'ono, akafika kumapeto amatuluka n'kusiyira mnzake. Palibe amene amatopa, ndipo palibe amene anganene kuti wanyamula ndi iye. Ndachita zimenezi mpaka tsitsi layera, osadziwa kuti bokosi ndi chinthu choti munthu n'kuchiopa.

Innocent anali mwana wa a Mainess, amene nyumba yawo ili kuseri kwa mjigo. Ankakhala ku Nabvutika, ku Chipata, akunyamula anthu pa honda, njinga yamoto. Anafera pa msewu waukulu atawombana ndi lole ya thonje. Amene anaona akuti ankathamanga ngati akuthawa moto, koma zimenezo pamaliro sizinanenedwe. Chimene chinanenedwa ndi mawu a mlongo wanga Sesiliya.

Sesiliya ndi wamng'ono kwa ine, koma miyendo inamukalambitsa msanga. Imatupa ngati mitsuko, ndipo kuti afike ku mjigo amapumira panjira. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ana alibe. Timakhala pabwalo limodzi kumapeto kwa mudzi, nyumba yake yaudzu kumanja, yanga yamalata kumanzere, nkhokwe pakati. Nthawi yokolola, Innocent atabwera kudzaona amake, anadutsa ndi honda pabwalo pathu n'kuponda mtedza umene Sesiliya anayanika. Sesiliya anatuluka ndi chipande m'manja.

"Iwe mwana wa Mainess, njinga imeneyo idzakupweteka."

Ndi mayi uti amene sananenepo mawu amenewo kwa mnyamata wa honda? Amake omwe ankamuuza. Koma pamene thupi linkafika kuchokera ku mochale, mawu aja anali atafika kale. Amene ankawayendetsa ndi a Andireya, amalume ake a malemu, munthu amene sanakwezepo mawu chibadwire. Iwo amangokhala pafupi nawe, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Ine sindikunena kanthu, koma anthu akuti." Anthu akewo ine sindinawaonepo.

Sesiliya anapita kukagona pamaliro monga mwa mwambo. M'mawa anabwerera akukoka miyendo, nkhope itagwa.

"Alongo, azimayi andisiyira mphasa yonse ndekha."

"Ndiye wagona motambasuka."

"Musaseke. Ndapereka chikho cha madzi kwa Mainess, wachiika pansi osamwa."

Ndinamuuza kuti tipeze ngolo apite kwa msuweni wathu ku Mtenguleni mpaka maliro atatha. Anakana.

"Ndikachoka ndiye ndavomera. Komanso ndani angandibwereke ngolo lero? Ndikhala m'nyumba mwanga ndi kolona yanga. Kumanda sindifikako, miyendo yakana."

Ndinamusiya n'kupita kumene amuna anakhala, pansi pa mango kunja kwa nyumba ya siwa. Ankakambirana mokweza za mtengo wa feteleza, koma nditangokhala pa njerwa yanga nkhani inafa. Wina anayamba kutokosa m'mano ndi kaudzu. A Andireya anasuntha kampando kawo kufika pafupi ndi ine.

"A Tembo, mwadzuka? Nanga achemwali anu, miyendo?"

"Ilipo, iwiri."

"Ayi, n'zabwino. Anthu okhala okha amaganiza zambiri, muziwachezera."

"Mukufuna kunena chiyani, a Andireya?"

"Ine? Ine ndataya mwana, ndinganene chiyani."

Dzuwa litakwera tinamva mkokomo kuchokera kumsewu. Anali anzake a Innocent a ku Nabvutika, mahonda ambirimbiri, ena atakwerana atatuatatu, nthambi zamasamba atazimangirira kutsogolo. Anazungulira nyumba ya siwa akuliza mahutala, fumbi linakwirira azimayi a kwaya ndi zitenje zawo za mpingo. Ena ankanunkha kachasu, koma osati onse, ndipo ndisaname, ambiri ankalira misozi yeniyeni. Mnyamata wina wamtali, amene anzake ankamutchula Dalitso, anagwada pakhomo n'kumamenya nthaka ndi chibakera. Ndinaona a Andireya akupita kukamudzutsa, akumusasa fumbi, akumulankhula chapansipansi. Analankhula naye nthawi yaitali kuposa imene imafunika potonthoza mlendo.

Ansembe sanabwere, choncho mapemphero ankatsogolera ndi a Samson Daka, mkulu wa mphakati wathu. Ine ndi a Daka sitimwerana madzi chiyambire nkhani ya malire a dimba, koma ndinawayandikira.

"A Daka, mukuziona izi?"

"Ndikuona maliro, a Tembo."

"Auzeni anyamatawa kuti anyamule ndi anthu a m'mudzi."

"Auzeni ndinu. Mwaona kuchuluka kwake?"

Mapemphero atatha, amuna tinayamba kundanda monga mwa masiku onse. Koma anyamata aja analowa m'nyumba okha n'kutuluka ndi bokosi pamapewa, Dalitso ali kutsogolo kumanja.

"Mnzathu timunyamula tokha," anatero. "Madala pumulani."

Palibe amene anatsutsa. Mizere yathu inangosungunuka, amuna aakulu a ndevu zawo n'kumatsatira m'mbali ngati alendo. Tisanafike ku mjigo, mnyamata amene anali kutsogolo kumanzere, woledzera kwambiri, anapunthwa pa muzu. Bokosi linapendekeka, azimayi anagwira pamtima. Ine ndinali pafupi. Sindinaganize zambiri, ndinangolowetsa phewa pamalo pake.

"Amdala, mukwanitsa?" anafunsa Dalitso.

"Njira ya kumanda mukuidziwa inuyo?"

"Asiye atitsogolere," wina anatero kumbuyo.

Maganizo anga anali osavuta. Kupitirira mjigo pali mphambano pa mtengo wa mbawa. Njira yakumanzere imapita kumanda, yakumanja imathera pabwalo pathu. Ndinati ndikakhala kutsogolo kumanzere ndikokera bokosi kumanda, tikaika, aliyense kwawo. Ndinamvapo kuti kumadera ena bokosi limakana kupita kumanda mpaka litaloza amene wapha munthu, koma kwathu kuno ndinali ndisanazionepo, ndipo ndinkati ndi nkhani za pamowa.

Anyamata aja sankasinthana. Aliyense anakakamira pamene wagwira. Ankayenda mwa mdidi, mahonda akulira m'mbali, mpaka nyimbo ya kwaya inamira. M'malo mwake munabwera mawu ena, poyamba munthu mmodzi, kenako onse.

"Innocent, tiuze. Innocent, tisonyeze."

Sankakuwa. Ankangonena motsatira mapazi, ngati anthu olima dima. Mawu amenewo ndinkawamva akudutsa m'thabwa n'kulowa m'phewa mwanga.

Titafika pa mbawa ndinaona kuti njira ya kumanda yadzaza anthu. Sanaitseke ayi. Anangoimapo, anthu a m'mudzi mwathu momwe, ena akuyang'ana kumwamba, ena akukonza chitenje, a Andireya ali pakati pawo manja ali kumbuyo. Njira yakumanja inali mbee ngati asesa. Mukawafunsa lero aliyense akuuzani kuti anaima pamenepo pothawa dzuwa.

Ndinakokera kumanzere. Bokosi linabwera pang'ono, kenako linabwerera. Ndinazika chidendene pansi n'kukokanso ndi mphamvu zanga zonse. Dalitso anamva kukokako, nayenso anakoka kuti lisamuchoke paphewa, akumbuyo anakankha, ndipo bokosi linayamba kugwedezeka uku ndi uku ngati ng'ombe yokana goli.

"Likukana!" mayi wina anakuwa. "Mwana akukana kumanda!"

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Bokosi likanapanda kugwedezeka, mwina ena akanakayika. Amene analigwedeza ndine. Ndikalimba, iwo akuona wakufa akulimba. Ndikasiya, likupita kwa Sesiliya.

Mafoni anakwezedwa m'mwamba. Anthu anapanikizana kumbuyo kwathu, akutali akufuna kuona akukankha apafupi, apafupi akukankha onyamula. Ndinasuzumira kutsogolo kwa bokosi n'kuona nkhope ya Dalitso, maso atatong'oka.

"Amdala, mukulimva? Si ine ndikukoka. Mulungu akuona, si ine."

Sankanama. Chimenecho ndiye chimandisowetsa tulo. Akanakhala kuti akunama ndikanadziwa mdani wanga.

Kenako bokosi linapepuka. Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji. Thabwa limene linkandidula phewa linangoti pepu, ndipo bokosi linayamba kupita kumanja, ife tikuthamanga pansi pake kuti tisagwe. Ine Philemon Tembo, amene sindikhulupirira wailesi, sindikhulupirira andale, sindikhulupirira ngakhale sikelo ya ogula thonje, pa kanthawi kameneko tsitsi linandiima, ndipo mumtima ndinafunsa kuti, kodi Sesiliya ameneyu ndimamudziwa? Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo amayi akapita kumunda. Ndiye ngati ine ndinafunsa choncho, nanga enawo?

Njira ija ndi yaifupi. Ndinkaona denga laudzu likuyandikira, nkhuku zikubalalika. Ndinkadziwa kuti ali mkatimo, wakhala pamphasa, miyendo yotupa ija waitambasula, ndipo akumva mapazi athu. Ena anali atatola kale miyala. Wina anazula mtengo pa mpanda wa dimba. Kutuluka pansi pa bokosi sindikanatha, chifukwa pamalo panga pakanalowa wina.

Tinalowa pabwalo ndipo bokosi linaima. Linaima pafupi ndi nkhokwe, likupendekera uku ndi uku. Anyamata a ku Nabvutika ankayembekezera nyumba imodzi, anapeza ziwiri. Anauzidwa za nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, koma za denga sanauzidwe. Amene ankadziwa anali atatsalira m'mbuyo, chifukwa a Andireya si munthu woloza ndi chala anthu akuona. Kwa kanthawi kochepa kwambiri palibe amene ankakankha. Onse amene anali pansi pa bokosi ankadikira kuti liwauze, ndipo kudikirako ndinkakumva m'phewa.

Sindinakoke. Za kukoka ndinali nditaziona pa mbawa paja. Ndinangopinda bondo lakumanzere pang'ono, ngati munthu amene waponda m'kadzenje. Bokosi linapendekera kwa ine. Dalitso anatsatira kuti lisagwe, akumbuyo anatsatira Dalitso, ndipo khamu lonse linangoti wuu kutsatira bokosi. Linakagunda chitseko changa mpaka chinang'ambika pakati.

"Ndi pano. Wafika, ndi pano!"

Miyala inagwa pamalata ngati matalala. Analowa m'nyumba, anatulutsa bedi, mabulangeti, njinga yanga yopalasa, jekete limene ndinavala pa ukwati wanga, mbale za malemu mkazi wanga. Zonse anaunjika pakhonde. Wina anayamwa petulo m'thanki ya honda ndi kapaipi n'kuthira m'chigubu. Ine ndili pomwepo, bokosi lili paphewa, pakhomo panga.

Dalitso anatembenuzira mutu kwa anthu a m'mudzi, amene tsopano anali atadzaza bwalo.

"M'nyumba mulibe munthu. Mwini wake ali kuti? Nyumba iyi ndi ya ndani?"

Aliyense pamenepo ankandidziwa. Ena ndinawaimira pa ubatizo, ena ndinatukwanizana nawo, ena ndinawakana mbewu chaka cha njala. Ndinayang'ana pansi, ndikuona mapazi okhaokha, ndikudikira phazi limodzi lisunthe. Thukuta linkalowa m'maso. Ndinamva mkodzo wofunda ukutsika m'mwendo, ndipo manyazi ndinalibe, ndinangoopa kuti mnyamata wa kumbuyo kwanga aona n'kufunsa chimene mdala akuopa.

"Mukubisa mfiti?" anatero wa chigubu uja. "Mukabisa tiwotcha mudzi wonse."

A Andireya anali atafika. Nditadzutsa maso pang'ono ndinawaona akuyang'ana nyumba ya Sesiliya, kenako yanga, kukamwa kuli yasa. Ankafuna kunena kuti si pano. Koma akananena bwanji? Wakufa sasokera nyumba. Kunena kuti bokosi lalakwitsa ndiye kuvomera kuti alipo amene analiuza kopita. Anatseka pakamwa. Kenako maso awo anapeza ine, anakhazikika, ndipo ndinaona dzanja lawo likuchoka kumbuyo.

Amene anayamba kulankhula ndi a Daka.

"Mwini wake anathawa usiku," anatero, ndi mawu awo a pa mapemphero omwe aja. "Ndinamuona ndi maso anga akulowera kumsewu ndi kachikwama."

"Mwamva? Anathawa."

"Wosalakwa amathawa?"

Mawu aja anayenda pabwalo lonse, ndipo anthu amene ankandiyang'ana kumaso anagwedeza mitu kuvomereza. Dzanja la a Andireya linabwerera kumbuyo. Moto unayatsidwa. Unagwira katundu pakhonde, unakwera mitengo ya denga, unalumphira pa nkhokwe, chimanga chathu tonse awiri chinayamba kuthetheka. Mphepo inkawombera kudimba, ndipo ndinapemphera, ine amene ndimagona pa ulaliki, kuti isatembenukire ku denga laudzu. M'nyumba ya Sesiliya simunamveke ngakhale chifuwa.

"Tsopano alola," anatero Dalitso akulira. "Tiye mnzanga, tiye ukagone. Amdala, titsogolereni."

Ndinawatsogolera. Ndinanyamula mwana wa a Mainess kuchoka pakhomo panga poyaka mpaka kumanda, ndipo pa mbawa bokosi linakhota bwinobwino, anthu aja atapatuka okha. Kwaya inayambanso kuimba, ndipo ndinapeza pakamwa panga pakuimba nawo. Kumanda ndinaima pakati pa anyamata aja mpaka dothi lomaliza, chifukwa ndinkaopa kuima pakati pa anthu akwathu. Titaika, Dalitso anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Mwalimba, amdala. Anthu ngati inu ndi osowa."

Ndinadikira mpaka mkokomo wa mahonda utazimirira kumsewu, kenako ndinathamanga, ine wa msana wopindika. Sesiliya ndinamupeza atakhala pansi pafupi ndi phulusa la nkhokwe, ndowa yopanda madzi ili pambali. Anali atakwawa nayo kuchokera m'nyumba. Ndinamugwira mutu, mapewa, manja, ngati ndikugula mbuzi. Analibe bala.

"Alongo, mwanyowa thalauza," anatero.

Apolisi anabwera mawa lake, anayenda paphulusa, anafunsa mafunso. M'mudzi monse palibe amene anaona kanthu. Atandifunsa ine ndinati ndinali ndi bokosi paphewa, kumbuyo sindinkaona. Ndikanatchula ndani? Apolisi amabwera n'kupita, anyamata aja amadutsa pamsewu tsiku lililonse.

Ndinapita kwa a Daka kukathokoza. Sanandilowetse m'nyumba. Anatuluka n'kuima pakhonde.

"Ndinachita zimene mkhristu aliyense angachite, a Tembo. Koma ku mphakati muyambe mwapumako. Anthu mitima ili m'mwamba."

"Anthu ake ati? Inu mukudziwa kuti sindinathawe."

"Ine ndikudziwa. Koma bokosi lija sindinaliuze ndine kopita."

Pano nkhani imene ili m'mudzi ndi yakuti ndinathawa usiku n'kubwerera moto utazima. Amene amaifotokoza ndi omwe anaima pafupi nane. Kanema wake akuti ali m'mafoni, ndipo ndimaonekamo ndi chipewa changa chomwe. Ndinkati zimenezo zindiyeretsa. Koma akuti umboni ndi umenewo, chifukwa munthu wamba sangakhale kumsewu ndi pansi pa bokosi nthawi imodzi. Ndikafika ku mjigo azimayi amaitana ana awo. Honda ikalira chakumsewu ndimasiya khasu n'kulowa m'tchire, chifukwa tsiku lina wina adzamuonetsa Dalitso kanemayo n'kumuuza dzina la mdala wachipewa.

Sesiliya anthu sakumuvutitsanso. A Mainess anamubweretsera ufa m'lichero, iye yekha, osati ine. Azimayi amabwera kudzakhala naye pamphasa, n'kumamumvera chisoni kuti wakhala zaka zonsezi pafupi ndi munthu wotere. Akamacheza ine ndimapita kudimba.

Ndimagona m'khitchini mwake, pamasaka. Tsiku lina akuswa mtedza pakhonde, ndinakhala pafupi n'kumuuza zonse, mpaka za bondo lija.

"Ndinalikhotetsa ndine, Sesiliya. Linkabwera kwa iwe."

Anapitiriza kuswa mtedza.

"Ndamva, alongo. Zikomo."

"Sukundikhulupirira."

"Ndakhulupirira." Anauzira makoko m'lichero. "Koma ngati mumatha kulikhotetsa, pa mbawa paja munalekeranji kulikhotetsera kumanda?"

Ndinayesa kufotokoza za anthu oima panjira, za kugwedezeka, za kupepuka kuja. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha mmene zikumvekera. Iye ankangovomera ndi mutu, mwaulemu, monga amachitira ndi mlendo wodzagula nkhuku.

Madzulo amenewo chakudya changa anachiika pakhomo pa khitchini, osati pamphasa pamene timadyera. Analowa m'nyumba dzuwa lisanalowe n'kutseka. Ndinamumva akubuula ndi miyendo ija, akukoka mtondo pang'onopang'ono mpaka anautsamiritsa kuchitseko.